Msoko wa Buluku la Abambo

Lolemba, 4 Ogasiti

Abambo abwera kuchokera kukiliniki ya kuntchito nkhope ili ndwii. Thupi lachuluka, bipi yakwera. Anesi awapatsa mpaka kutha kwa mwezi uno. Zikapanda kutsika awachotsa pa basi, akakhale kotsukira magalimoto. Munthu wagwira chiwongolero ana athu asanabadwe, lero akagwire ndowa ndi chisanza? Malipiro nawo atsika. Lendi ya shopu yanga yosokera sidziwa kutsika.

Ndawafunsa bwinobwino zimene anesi anena. Zinthu ziwiri: kulimbitsa thupi ndi kuchepetsa chakudya. Pofika pakhomo pano chachiwiricho chinali chitagwera m'njira.

Akuti azithamanga. Ine ndati tiyambe ndi mbale. Iwo: "Atelala, munaionapo basi ikuyenda yopanda mafuta?"

Madzulo mpunga mbale yodzaza, n'kuwonjezera. Akuti kutsanzikana ndi moyo wakale.

Mtima wanga uli m'mwamba.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Ayamba. Alamu, mng'ono wawo wa ulonda uja, adziika okha pa uphunzitsi. Amaweruka m'mamawa n'kudzera kuno, wezulo ili m'khosi. Munthu woonda ngati singano ya makina, sananenepepo chibadwire, koma ndiye katswiri wa zoondetsa anthu. Akuti: "Alamu, musawavute ndi za chakudya akuluwa. Thukuta mukulionalo ndi mafuta akutuluka." Ndati ndiye ndizifinya tisheti tizikazingira mazira. Aseka onse awiri. Ine sindimanena zoseka.

Nsapato zothamangira zagulidwa. Zoyera mbee. Mtengo wake sindikufuna kuulemba.

Njira yawo: kutsetsereka mpaka pomwetsera mafuta, kukhota, kubwerera. Ndinasuzumira pawindo. Mimba patsogolo, eniake pambuyo. Galu wa aneba anawathamangitsa mpaka pakona n'kubwerera yekha, mwina chifundo.

Pobwera, wefuwefu. Tiyi wa shuga wosawerenga, buledi wopaka majarini mbali zonse ziwiri. Akuti thupi likuitanitsa.

Loweruka, 9 Ogasiti

Batani la buluku la yunifolomu lathothoka. Anangowerama kumanga nsapato, thoo, mpaka kunsi kwa kabati. Iwo akuti ulusi wa masiku ano ndi wabodza. Ulusiwo ndinasokera ndine, wopindika kanayi.

Ndalitengera kushopu. Ndimati ndingobwezeretsa batani basi. Koma nditalitembenuza ndaona zipi yayamba kuseka, nsalu ya m'chiuno yakokeka mpaka kuwala. Buluku lotere likhoza kung'ambika munthu akukwera pampando, anthu odzaza basi akuona. Manyazi ake ndani angawanyamule? Ndiponso anthu azidzati mkazi wake ndi telala.

Ndamasula msoko wakumbuyo, ndakulitsa inchi imodzi. Ulusi wofanana ndendende. Mzere wakale ndaupha ndi simbi ndi kansalu konyowa. Ntchito yaukhondo, ngakhale ndidziyamikire ndekha.

Ndiwauza mawa.

Kasitomala wa diresi lobiriwira sanabwerenso. Magetsi anathima masana onse.

Lolemba, 11 Ogasiti

Sindinawauze.

Dzulo ndinaiwala, kapena ndinadziiwalitsa. Lero m'mawa ndangomva kukuwa kuchipinda, ine kuganiza kuti agwa. Ndapeza aimirira pagalasi, chala chapisidwa m'chiuno mwa buluku, chikuyenda uku ndi uku. "Atelala, bwerani mudzaone! Sabata sinathe n'komwe!"

Nkhope ngati mwana amene wakhoza mayeso. Chibwerere kukiliniki kuja sindinawaone akuseka ndi mano onse.

Lamba akanandiulula, koma anamusiya kalekale, amati amawaluma. Ndiye mboni palibe.

Alamu aitanidwa kudzaona chalacho. Aliza wezulo m'nyumba mwanga. Akuti: "Sindinanene? Ameneyo ndiye sayansi."

Dzira lina lakazingidwa, lachikondwerero.

Tsiku lonse ndakhala ndikulakwitsa. Kolala ya shati ya mwana wasukulu ndaisoka chozondoka. Ine, kolala!

Lachinayi, 14 Ogasiti

Ndinapita kukagula sopo kwa mayi a golosale, pafupi ndi pomwetsera mafuta paja. Andilandira ngati m'bale. "Amayi, mundithokozere abambo, andidalitsa mwezi uno."

Kani pamene amakhotera ndi pomwepo. Mabanzi amafika otentha nthawi yomweyo. Iwo amakhala pa kireti, mabanzi ndi botolo la chakumwa chozizira, alamu nawo chimodzimodzi, olipira ndi akulu. Akamaliza n'kumabwerera choyenda, kuthamanga amayambiranso pakona pathu kuti ndiwaone. Ndiye kunyumba kuno tiyi winanso.

Ndimadabwa thukuta lonunkhira buledi.

Sindinafunse mwaukali. Ine ndi ndani, ndi msoko wanga uja? Ndangoti mayi a golosale akupereka moni. Iwo osagwedezeka: "Kamphoto chabe. Zonse zija zimapsa m'njira." Ndati kanjira kameneko sikangawotche ngakhale theka la banzi. Akuti ndinaphunzira kuti za injini. Kenaka chala m'chiuno, kundionetsa.

Umboni wawo ndinausoka ndekha.

Lachiwiri, 19 Ogasiti

Ndayesa nzeru ya mbale. Yaikulu ija ndaibisa pamwamba pa kabati, ndawapakulira m'yaing'ono, masamba ambiri, mpunga pang'ono, mafuta kadontho. Aiyang'ana, andiyang'ana. "Kodi kwabwera mwana wa alendo?" Adya, anyamuka okha kupita kumphika. Kawiri. Akuti kuyenda kopita kukhitchiniko nakonso ndi masewera.

Sindikuti asadye. Munthu woyendetsa anthu sangagwire ntchito ndi chizungulire. Ndikungoti shuga achepe, majarini akhale mbali imodzi, chakumwa chija chikhale madzi. Kodi pamenepa ndapha munthu?

Buluku layambanso kugwira. Ndaona mmene akukhalira pampando, mwaulemu ngati ali kwa apongozi. Iwo akuti lachita kufupika pochapa.

Ndalitenganso. Ndinadziuza kuti ndi chifukwa cha zipi. Bodza. Ndimaopa nkhope ija ya tsiku la kukiliniki.

Theka la inchi. Nsalu yotsala mkatimo ndi yopyapyala ngati chikhadabo, ndachita kuigwiriza ndi kansalu kena. Kumbuyo kwatuluka kamzere kakuda, poti mkati simunasuluke ndi dzuwa. Aliyense wodziwa kusoka akawayenda pambuyo aona. Mwayi wake, munthu sadziona kumbuyo.

Kachitatu sizingatheke. Nsalu yatha.

Lachisanu, 22 Ogasiti

Tsopano ayamba kulalikira. Kuntchito auza madalaivala anzawo kuti idyani mmene mungathere, bola kuthamanga. Akuti mmodzi wagula kale nsapato. Tchimo langa layamba kubala ana.

Kwatsala sabata. Sikelo ya anesi ilibe msoko womasula.

Ndimagona ndikuwerengera. Akawachotsa pa basi, lendi itani? Koma si ndalama zokha. Abambo akamabwera madzulo amanena za msewu ngati akunena za munda wawo. Kuwalanda basi n'kuwalanda pakamwa.

Ndipo bipi si nkhani ya yunifolomu. Malemu apongozi anga aamuna anagwa ali chiimire, pa msinkhu ngati womwewu. Ndikuwalimbitsa mtima munthu akupita kuphompho.

Makina ayamba kudumpha ulusi. Ndathira mafuta, ndasintha singano. Mwina vuto ndi mwendo wanga, sukukhazikika.

Lamulungu, 24 Ogasiti

Zaululika. Ndaulula ndekha.

Masana abwera ndi buluku paphewa, akumwetulira. "Atelala, tandibwezeraniko pang'ono, lingadzandivuke pamaso pa anthu." Kundipempha ine kuti ndilichepetse!

Ndati telala sadula asanayeze. Ndatenga tepi. Aimirira pakati pa balaza, manja m'mwamba, maso kudenga, mimba aikokera mkati mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Ndati pumani. Akuti akupuma. Ndadikira. Ntchito imeneyi ndakalamba nayo, palibe kasitomala amene anapambanapo mpikisano umenewu. Potsiriza phuu, tepi n'kutsetsereka m'zala zanga.

Afunsa nambala. Kunama ndi singano ndinatha, koma ndi tepi m'manja pakamwa panakana. Ndawauza kuti chiuno chakwera, sichinatsike. Ndatembenuza buluku, ndawaonetsa timabowo ta misoko yakale, mizere iwiri, ndi kachigamba kanga.

Ayang'ana nthawi yaitali. Ndimayembekeza kukalipa. Angoti chapansipansi: "Ndiye masiku onsewa mwakhala mukundiseka."

Ayi. Mulungu akudziwa, ayi.

Atuluka panja, akhala pakhonde mpaka dzuwa kulowa.

Lachitatu, 27 Ogasiti

Sakuthamanga. Alamu analiza wezulo Lolemba, analizanso dzulo, lero sanabwere. Nsapato zili kunsi kwa bedi.

Akudya pang'ono, koma ndi kudya kwa munthu wokwiya. Kutola, kusiya, "zikomo", ngati ali m'lesitilanti. Mbale yatsika monga ndinkafunira, koma sindikukondwa nayo. Dzina loti atelala sindinalimve chiyambire Lamulungu. Akungoti "amayi".

Ndilembe chilungamo. Masabata amene ankathamangawa mkonono unachepa, ndinkagona. Masitepe a kushopu kwanga ankakwera osagwira khoma. Madzulo sankadandaula mutu. Ine maso anali pa mbale pokha, zimenezi sindinaziwerengere. Dzulo mkonono wabwerera ndi abale ake.

Nsapato ndazichapa, ndaziika pakhomo, zingwe zomasula kale. Azilumpha popita kuntchito.

Mkuja ndi kukiliniki. Diresi lobiriwira mwini wake wabwera, akuti lamuthina. Ndamuuza zoona: diresi silinasinthe. Wapita atakwiya. Chilungamo chikundithera makasitomala.

Lachisanu, 29 Ogasiti

Ndinatseka shopu msanga. Kusesa m'nyumba mosesa kale. Kupukuta matambula oyera.

Afika, akhala pansi, avula chipewa pang'onopang'ono dala. Munthuyu amadziwa kundizunza.

Sikelo yakwera, monga inanenera tepi. Koma bipi yatsikako. Pang'ono, koma yatsika. Anesi akuti mtima wathokoza kuthamangako, asasiye. Koma mimba imamvera mbale. Anawafunsa chimene amadya akathamanga, iwo n'kuulula za pa kireti. Akuti anesiwo anagwira pamutu: zimene amawotcha m'njira yonse amazibweza asananyamuke pa kiretipo, n'kuwonjezera ndi chiwongoladzanja.

Awapatsa mwezi wina umodzi chifukwa cha bipiyo. Womaliza. Basi akadali nayo.

Ndinathamangira kukhitchini kukalira ndi anyezi amene sindimadula.

Nditabwerera ndapeza buluku lili pa makina anga aang'ono a kunyumba. "Atelala, bwezani msoko pamene unali." Atelala! Kenaka aganiza kaye. "Ayi, yambani ndi wachiwiriwo. Ndiyenera kukhala pansi poyendetsa." Akuti Loweruka lililonse ndiziwayeza, nambala ndizinena mokweza, kaya ikome kaya iipe.

Alamu atsitsidwa udindo. Akuti mphunzitsi wodya nawo mabanzi a wophunzira ndi wosadalirika.

Ndiye pempho la abambo. Analinena akuyang'ana kukhoma. Ndiziwaperekeza m'mawa. "Galu uja sindimuopa. Ndimaopa pagolosale. Ndekha sindingadutsepo."

Ine? Ndi mawondo angawa? Ndavomera ndisanaganize.

Lolemba, 1 Sepitembala

Miyendo si yanga. Ndikulemba nditaiviika m'beseni.

Ndinavala nsapato zakale za mwana wathu wamkazi, zazikulu, ndinapisamo tizidutswa ta nsalu. Tinagwirizana zoyenda mofulumira, osati kuthamanga. Ndinkaganiza kuti munthu wopalasa makina tsiku lonse ali ndi mphamvu. Kani makina amapalasidwa munthu atakhala. Tisanafike pakona mpweya unali utandithawa. Abambo patsogolo, cheu, cheu: "Limbikani atelala, amenewo ndi mafuta akutuluka!" Galu anasiya iwo n'kusankha ine.

Kenaka pokhotera paja.

Palibe anandiuza za fungo. Mabanzi angotsitsidwa kumene, nthunzi ikutuluka m'kireti, m'mimba muli mbee. Mwezi wathunthu ndakhala ndikuweruza munthu ndili pawindo, nditamwa kale tiyi. Iwo anadutsa ndithu, nkhope kumbali ngati akudutsa amene ali naye ngongole. Anaima patsogolo atazindikira kuti ali okha.

Ine mlonda wawo ndinali nditaima pakauntala.

Banzi limodzi lokha. Chakumwa ayi, tinapempha madzi. Mayi a golosale anandibwereka mpeni, ndinadula pakati penipeni ndi diso la ntchito, palibe angatsutse. Abambo anayang'ana lawo, anayang'ana langa. Akuti mawa ndibwere ndi tepi.