Chipewa cha Bambo cha ku Njanji

Chonde, Mulanje

Wokondedwa msuweni Arsenio,

Ukukumbukira tsiku lija ku Luchenza, utangofika kumene pothawa nkhondo? Bambo anatiuza kuti tigunditse makutu pa njanji, timve sitima isanaonekere. Anati, "Kale njanjiyi inali ya kampani ya azungu, koma boma linaitenga. Pano ndi ya tonse." Unayamba kufuula ndiwe kuti ikubwera, ndipo anakuveka chipewa chawo cha kuntchito. Inenso ndinali nditaimva, koma ndinachedwa kunena.

Kuno mvula yagwa bwino, tiyi wabiriwira. Ndamva kuti ukuyendetsa sitima ya ku Nacala. Wachita bwino, zinakuyenera kuyambira kale. Ine ndikadali ndi choko m'manja, ndipo njanji ya tonse ija boma linaiperekanso kwa ena.

Bambo sakutulukanso m'nyumba. Wowasambitsa ndine, wowamwetsa phala ndine. Koma chitseko chikangolira amafunsa, "Kodi ndi Arsenio?" Dzulo ndinayankha kuti, "Ndine Alifeyo, bambo." Anati, "Oo, ndiwe," n'kutembenukira kukhoma. Adokotala ananena zina, koma si zolemba m'kalata.

Alamu a Marcia, akazi ako, andiuza pa foni kuti kuntchito akupatsa tchuthi. Ndiye ndidzakudikira pa malire pa Muloza Loweruka m'mawa, a kabaza ndapangana nawo kale. Usachedwe, chonde. Chipewa chija ubwere nacho, akuchifunsa tsiku ndi tsiku. Koma tikamadzalowa m'chipinda mwawo, udzandibwereke ndivale ine.

Ndine msuweni wako,
Alifeyo