Thukuta la Woimba Vayolini

Lachiwiri, 9 Okutobala 1956

Dzuwa loswa mtengo. Ana a Sitandade 2 tulo tokhatokha, choko chatha. Douglas, chibwenzi changa, wabwera kusukulu nthawi ya buleki, wathawa kuofesi ndi nkhani yotentha. Loweruka masana kubwera gulu la oimba, azungu a ku Blantyre, adzaimba mu shedi yaikulu ya fakitale ya tiyi. Okesitala, akutero iye. Bwana wamkulu walola kuti antchito nawonso adzamvere. Makolo a Douglas adzabwera kuchokera ku Limbe, ndipo tsiku lomwelo adzaonana ndi amayi anga, ankhoswe asanayambe zawo.

Mtima suli m'malo. Bambo ake ndi mkulu wa mpingo, mayi ake amadya ndi foloko. Amayi anga amathyola tiyi, ndipo Chinyanja chawo chimathawira ku Chilomwe akangokondwa.

Lachisanu, 12 Okutobala

Ndinatsikira kumalayini, kunyumba za antchito, kukawauza amayi. Akondwa ngati mwana. Afunsa ngati kudzakhala kuvina. Ndati ayi, nyimbo za azungu anthu amamvera atakhala phee. Aseka mpaka kutsokomola. "Nanga oimbawo alakwanji?"

Ndawachapira mpango wawo woyera, ndasita ndi simbi ya a Leah, aphunzitsi anzanga. Ndawapempha adzakhale nane pabenchi. Akana. Ati adzaima kumbuyo ndi anzawo, tidzaonana zikatha.

Loweruka, 13 Okutobala

Sindilemba lero.

Lamulungu, 14 Okutobala

Kutchalitchi sindinapite. Ndilembe basi, mwina chituluka m'mtima.

Azungu pamipando kutsogolo. Makalaliki ndi aphunzitsi pamabenchi, ine pakati pa Douglas ndi mayi ake. Othyola tiyi chiimire kuseri kwa chingwe. Malata akuotcha, fungo la tiyi wofota ponseponse. Oimba onse majekete akuda, kutentha konse kuja.

Nyimbo yoyamba inali yaitali, yopanda mawu. Sindinama, inandigwira. Mavayolini onse kulira pamodzi, zitoliro kuyankha, kenako onse zii, kutsala mmodzi yekha, mzungu wokalamba wadazi, maso ali chitsinzinire. Thupi langa lonse tsembwe. Thukuta likutsika padazi kulowa m'maso mwake, iye manja onse awiri ali pantchito.

Ndiye nthungululu. Ndinaizindikira ndisanacheuke.

Amayi anali atawerama pansi pa chingwe, akubwera pakati pa mipando akuvina pang'onopang'ono, mpango uli m'manja. Anafika pa wadazi uja, namupukuta nkhope bwinobwino, monga timachitira kwathu ndi woimba ng'oma amene watifika pamtima. Vayolini inalira kwiii. Mzungu wotsogolera oimba anauma, kandodo kake kali m'mwamba. Azungu ena kuseka, dona wina kugwira pakamwa. Alonda awiri anawagwira amayi mikono.

Mayi a Douglas anandinong'oneza, "Anthu a m'malayiniwa! Ukuwadziwa amenewa?"

Ndinati ayi.

Nthawi yomweyo n'kuti alonda akuwadutsitsa pabenchi yathu. Amayi anandiyang'ana. Anayang'ana mayi a Douglas. Anatembenuza nkhope ngati tonse ndife alendo, natuluka.

Pambuyo pake kunabwera nyimbo zovina, zija timamva pa galamafoni, malipenga ndi ng'oma. Azungu omwe ankaseka aja akugwedeza mapazi, ena akuimba mluzu. Ine sindinamve kanthu. Zitatha ndinauza alendo kuti amayi adwala mutu, sanathe kubwera. Bodza lachiwiri linatuluka mosavuta kuposa loyamba. Manyazi akundidya mpaka pano.

Lachitatu, 17 Okutobala

Douglas akuti ndisadandaule. "Ukanatani?" Iye anamva zonse, anangoyang'ana nsapato zake. Ndamukwiyira kwambiri. Koma ayi uja anatuluka pakamwa panga, osati pake.

Nkhani ili ponseponse pa esiteti. A Leah akuti mzungu wa vayolini uja anafunsa za mayi wa mpango asanakwere galimoto, palibe anamuyankha. Ana m'kalasi apeza sewero: wina rula pakhosi, mnzake kumupukuta ndi dasitala. Ndakwapula awiri. Sanalakwe chilichonse.

Nditaweruka ndinanyamuka kupita kumalayini. Ndabwerera pamlatho.

Lachiwiri, 23 Okutobala

Uthenga wochokera ku Limbe. Makolo a Douglas abwera Lamulungu likudzali kudzaona odwala, atenga shuga ndi buledi. Mayi ake aja saiwala nkhope, anandikumbukira ine atandiona kamodzi kokha pamsonkhano wa mpingo.

Chakudya sichikulowa. Ndikawauza zoona, ndine mwana wokana mayi ake pagulu, ndani angafune mpongozi wotere? Ndikapanda kuwauza, adzadzionera okha. Douglas akungoti tipemphere. Ndipemphere chiyani, kuti mayi ake achite khungu?

Lachinayi, 25 Okutobala

Ndinapita kumalayini. Ndinawapeza amayi akusenda chinangwa pakhonde. Ndinali wokonzeka kutukwanidwa. Ndinkafuna kutukwanidwa. Iwo anandiyalira mphasa, kundifunsa za ana asukulu, kundidzudzula kuti ndawonda.

Za Loweruka lija anangonena kamodzi. "Anaimba bwino mkulu uja. Anthu onse aja, palibe ndi mmodzi yemwe womuthokoza."

Za Lamulungu anali atamva kale. Ati alankhula ndi a Teleza, akulu awo a ku Luchenza, kuti adzakhale pakhonde pano ngati mayi anga. "Amene aja amadziwa kukhala phee. Ine ndidzapita kumtsinje kukachapa mpaka alendo atapita. Usataye banja chifukwa cha ine, Lestina."

Ananena opanda mkwiyo, maso ali pampeni.

Apa mpamene mwana wa munthu akanagwada, kulira, kukana kwamtuwagalu.

Ine ndinafunsa ngati a Teleza avomera.

Amayi anati eya, napitiriza kusenda.