Andilemba pa pepala la mabuku

Lachinayi madzulo. Lero ndadzimva kuti nanenso ndine munthu.

Mwana wanga Tisiyenji wabwera kuchokera kukoleji ku Chipata ndi pepala la mabuku asanu amene aphunzitsi awauza kuti awerenge. Ati onsewo akufunsa ngati munthu amakhalabe yemweyo kuyambira ubwana mpaka ukalamba.

Tikutonola chimanga pakhonde, ndamuuza kuti, "Iwe, ine ndinabadwa Tikambenji, kutchalitchi anandibatiza Esitere, lero ndine Amake Tisiyenji. Koma chipsera cha khasu pamwendopa chayenda nawo atatu onsewo."

Sanaseke. Watenga bolopeni n'kundilemba pansi pa mabuku aja, nambala sikisi. Ine, wolekeza Giredi 4!

Ndasuzumira kuti ndione dzina limene wasankha pa atatuwo. Walemba "Amama".