Makina Amodzi, Owotcherera Awiri

Moatize, Bairro 25 de Setembro

Okondedwa achemwali a Ludovina,

Ndikhulupirira muli bwino ku Zóbuè pamodzi ndi ana. Nanga mwendo wa amayi ukupezako bwanji ndi kuzizira kwa kumeneko? Kuno tili moyo, fumbi la malasha ndi lomwe lija. Mlamu wanu Gilda akupereka moni.

Amuna anu a Edmundo sabwera kumudzi mwezi uno, ndipo ndikudziwa kuti sanakuuzeni chifukwa. Ndati ndikuuzeni ine, ngakhale nanenso mutu sukugwira.

Paja ine ndimawotcherera zitsulo za magalimoto a mumgodi ku kampani ya zovala zobiriwira, iwo ku ya zofiira. Makampaniwa ankalimbirana ntchito ngati atambala awiri m'khola limodzi. Ndiye tsiku lina anatisonkhanitsa n'kutiuza kuti tsopano ndife amodzi. Ena akuti obiriwira tagula ofiira, ena akuti ofiira ndiwo atigula. A Rachide, mlonda wa pachipata, akuti tonse tagulidwa ndi anthu akunja amene sanapondepo ku Moatize. Chikwangwani anachizula, china sanaikebe.

Ofisina ya ofiira, komwe ankakonzera magalimoto, anaitseka, anthu ake anasamukira kwathu. Gawo lathu likufuna wowotcherera mmodzi, koma tilipo awiri: ine ndi amuna anu.

Shefi wanga, kapena nditi bwana wanga, a Gilberto, anandiitanira pambali n'kunena kuti ndisade nkhawa, malowo ndi anga. Ndinatuluka mtima uli kwa ana anu. Pa nkhomaliro alamu anandigawira nsomba yawo osandiyang'ana kumaso. Kenako anati ndiwakhululukire, shefi wawo wawatsimikizira kuti otsala ndi iwo. Nanenso ndinawauza zanga. Tinayang'anana, tinaseka, kenako kuseka kunatithera.

Tinapita limodzi kukafunsa mayi wa ku sekeretariya, ku ofesi ya kampani. Anati nayenso sakudziwa kuti pa mashefi awiriwo wamkulu ndani, ndipo mpando wake womwewo akuti uli ndi eni awiri.

Ndiye tonse timalawirira kuntchito. Makina ndi amodzi. Iwo akamawotcherera ine ndimagwira chitsulo, ine ndikamawotcherera amagwira iwo. Dzana anandiuza kuti asiya okha, poti Gilda ndi woyembekezera. Ndinawakaniza, ndinati wosiya ndine. Tinakwezerana mawu mpaka a Gilberto anathamangira kudzatileretsa, poganiza kuti tikulimbirana malowo.

Achemwali, ndithandizeni nzeru. Ndikatsala, ndidzalowa bwanji pakhomo panu? Ndikasiya, Gilda ndimuuza chiyani? Mwinanso tikuvutika chabe, atichotsa tonse.

Pempho langa ndi ili: munda wa malemu abambo wa kumtunda musaubwereketse kwa munthu chaka chino, ndipo musunge mbewu. Mvula isanagwe, mmodzi wa ife atsika m'shapa, minibasi ija, pamsika wa Zóbuè ndi chikwama chake. Amene atsikeyo musamufunse zambiri. Mungomupatsa madzi osamba, m'mawa mwake khasu.

Mulungu akusungeni nonse. Mundiperekere moni kwa amayi, koma za nkhaniyi musawauze kaye. Moni kwa Assucena ndi Jordão, muwauze kuti bambo awo ali bwino.

Ndine mlongo wanu,
Délio