Dzina Lawo ndi a Mhango

Achimwene okondedwa,

Monire. Kuno ku Masasa tili bwino mwa chisomo cha Mulungu, kupatula kuthamanga kwa magazi kumene kwandiyambanso. Kaya inu kumeneko?

Buku lakale la ku Amereka limene munatumizira mwana wanga Tiwonge lija latiutsira nkhani. Akuti m'menemo ana achizungu amakula akuitana nkhalamba zachikuda kuti "boyi". Ine ndinamuyankha kuti izo nzakumeneko.

Loweruka anakapereka chakudya kwa bambo ake ku Lupaso, kunyumba ya azungu kumene amasamala maluwa. Kamwana ka abwana kanakuwa kuti, "Boyi, bweretsa paipi!" Tiwonge anakauza pamaso pa adona kuti, "Dzina lawo ndi a Mhango. Sukuziona imvizo?"

Tsopano adona akuti Tiwonge akapepese, apo ayi bambo ake asakapondekonso. Alamu anu chakudya sichikulowa. Ndiulule, nanenso mantha ndili nawo, ndipo mawu akuti "gadeniboyi" ndakhala ndikuwatchula ndekha osamva kuwawa. Koma ndapemphera, mtima wakana. Mwana wanga sakagwada chifukwa chotchula dzina la bambo ake.

Mutipempherere pa za ntchitoyi. Ambuye akusungeni, yewo chomene. Ndipo mumutumizire buku lina.

Ndine mlongo wanu,
NyaJere