Jenereta Pansi pa Kalavani

Randburg, Joni
9 Januwale 1983

Okondedwa achimwene a Binali,

Landirani moni wanga. Kaya muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu? Mwendo wa amayi uja unaphwa? Ife kuno tili moyo, koma ndi chifundo cha Mulungu basi.

Paja mukudziwa kuti kuno kwa azungu mwana wa wantchito saloledwa kukhala, ndipo mlamu wanu Mwanasha alibe pasi, chiphaso chomulola kukhala kuno. Abwana atapita kwawo ku Mangalande kutchuthi, apolisi anayamba kusecha zipinda za antchito mumsewu wathu. Ndiye ndinabisa Mwanasha ndi khanda lathu Asumani m'kalavani ya abwana, kanyumba ka matayala kokoka ndi galimoto, kamene kamakhala kuseri kwa galaja.

Koma achimwene, masana muja mumatentha ngati m'ng'anjo. Mwana analira mpaka kusasa mawu. Padenga pa kalavaniyo pali makina oziziritsa mpweya, koma abwana anatseka magetsi pochoka. Ndinatulutsa kajenereta kawo kakang'ono. Ambrose, mnzanga wa ku Dedza amene amalima maluwa pa nyumba yoyandikana nafe, anandilangiza kuti ndizithimitsa kaye firiji ya m'kalavanimo, kajenereta kalire pang'ono, kenako ndiyatse makinawo, apo ayi kamatsamwa n'kuzima. Zinathekadi. Vuto linali phokoso. Makina akayamba kukoka moto, kankabangula ngati chigayo cha pa Ntaja, ndipo dona wa kuseri kwa mpanda anayamba kusuzumira.

Apa m'pamene ndinachita zopusa. Lachinayi ndinakakankhira pansi pa kalavani, n'kutchinga m'mbali monse ndi masaka kuti kasamveke. Ndinadziona wochenjera, n'kupita kukatchetcha kapinga kumaso kwa nyumba. Osadziwa kuti utsi wonse ukulowa m'kati, mazenera ali chitsekere. Pobwera kudzaswali pemphero la masana ndinapeza Mwanasha atagwa pakhomo, akuti mutu ukung'ambika, mwana ali lefuu, osalira n'komwe. Ndinawakokera panja uku ndikukuwira Ambrose, za dona uja nditaiwaliratu. Asumani anasanza, kenako analira. Nane ndinalira, sindikubisirani.

Onse awiri akupezako bwino. Koma donayo anaona zonse, ndipo wantchito wake wauza Ambrose kuti akufuna kuimbira apolisi. Galimoto ikangoima pageti, ndimathamangira kukasuzumira ngati ndi apolisi.

Pempho langa ndi limodzi. Mwanasha ndi mwana anyamuka Loweruka likubwerali pa lole ya munthu wakwathu. Chonde mukawachingamire ku Limbe kuyambira Lachiwiri lotsatira, ngakhale mugoneko masiku awiri. Za utsizi amayi musawauze, ndidzawauza ndekha. Ndinkawabisa kwa apolisi, koma amene akanawapha ndine. Bola Asumani ayambire kuyenda pabwalo panu ine osaona.

Mundiperekere moni kwa amayi, amalume, alamu ndi achemwali onse. Mutikumbukire pa duwa, m'mapemphero anu.

Ndine mng'ono wanu,
Suwedi