Amayi, Bambo Asiya Mapiritsi

Amayi anga, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ife kuno ku Biriwiri tilipo, kungoti thupi langa latopa. Ndakhala ndikufuna kukulemberani kuyambira nthawi ya mvula, koma ndikangokhala pansi tulo timandigwira cholembera chili m'manja. Lero kabichi watha msanga kumsewu, ndiye ndati ndikuuzeni zonse ntchito zina zisanandiitane.

Ndiyambe ndi zabwino. Lovinesi, mzime wanu, anachira bwinobwino, mwana wamkazi. Ali ndi mphumi yanu, ndipo akafuna kulira amayamba wakwinya nkhope kanthawi ngati akuganizira kaye. Chimanga chokha sitinakolole bwino, mbozi zinalowa m'munda wa kumtunda tisanazindikire. Mbatatesi ndiye yachita bwino kudimba, koma aliyense m'mbali mwa msewu ali nayo, moti ogula amangotsitsa galasi la galimoto n'kutchula mtengo wawo. Ng'ombe yanu yamawanga ija inabereka, ndipo khola linagwa mbali ya kumadzulo ndi mphepo ya mwezi wa Juni.

Koma nkhani imene yandikhazika pansi ndi ya bambo.

Msana wawo mukuudziwa kuposa ine. Munawalandira nawo pochokera ku migodi ya ku Joni ine ndisanabadwe, ndipo munakhala nawo moyo wanu wonse. Ndimakumbukira mukuwathowa ndi kansalu koviika m'madzi otentha, iwo atagona chafufumimba pamphasa. Mapiritsi apinki aja munkawamanga pa ngodya ya chitenje chanu, n'kumawapatsa limodzi akatha kudya, ngakhale achonderere bwanji. Akatikalipira popanda chifukwa munkatiuza kuti, "Musawayankhe, si bambo anu akulankhulawo, ndi msana." Ife tinkaseka. Sindinkadziwa kuti ntchito imene munkagwirayo inali yaikulu chotere.

Inu mutachoka, panalibenso wowamangira mapiritsi. Ine ndinkabwera m'mawa ndi madzulo, koma ndili ndi nyumba yanga, dimba, ndi ana. Tsiku lina a Che Amidu a pagolosale anandiitanira kumbali n'kundiuza mwaulemu kuti bambo akugula mapiritsi ochuluka kuposa munthu mmodzi, ndipo iwo asiya kuwagulitsa, koma akudziwa kuti bambo akumatuma anthu kukagula kwina. Nditawafunsa bambo anati msana ndi wawo, ndisawaphunzitse. Sipanapite nthawi, m'mawa wina ndinawapeza kuseri kwa nyumba atagwada, akusanza zakuda ngati makala, milomo itayera. Kuchipatala cha paboma anawagoneka n'kuwaonjezera magazi. Adokotala anati mapiritsi aja awadya m'mimba mpaka kutuluka zilonda, ndiponso impso zayamba kufooka. Anati akadzamwanso, tidzawanyamula. Anawalola panado yekha.

Amayi, miyezi yotsatirayo sindifuna kuikumbukira. Panado kwa iwo anali ngati madzi akumwa. Kukhala pampando ankalephera, kugona ankalephera, ankangoima atatsamira mzati wa khonde, thukuta lili kamukamu ngakhale kukuzizira. Kutchalitchi anasiya. Anzawo a bawo akabwera ankawabweza. Tsiku lina anamugenda Lovinesi ndi kapu chifukwa choti tiyi anachedwa, iye ali ndi pakati potopa, moti anapita kwa apongozi ake akulira. Ine ndinayesa kuwathowa monga munkachitira, koma anati manja anga ndi olimba. Tsiku lina ndikusesa m'chipinda mwawo anandigwira mkono n'kunena motsitsa mawu kuti, "Enelesi, kandigulire apinki aja. Ngati andiphe, andiphe. Kukhala chonchi si kukhala." Ndinatuluka n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe.

Titabwerera paboma kukayezetsa impso, adokotala ataona mmene ankayendera anatilembera kalata yoti tipite ku chipatala chachikulu ku Blantyre, kumene kuli dokotala woona za ululu wosatha. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti dokotala wotere aliko. Ulendowo unali wowawa. Ndinawapemphera mpando wa kutsogolo m'minibasi n'kuwayalira pilo, komabe paliponse pamene tinkaima iwo ankatsika kuti aongoke, kondakitala akung'ung'udza.

Dokotalayo anali mayi wa msinkhu wanga, wolankhula modekha. Anawadina msana ndi chala malo osiyanasiyana, n'kuwauza kuti awerame ndiponso apendekere chammbuyo, kenako anayang'ana zithunzi za mafupa. Anati timfundo ting'onoting'ono ta kumunsi kwa msana tinaperepeseka kalekale, ndipo palibe amene angatibwezeretse. Koma anati pali timitsempha topyapyala timene timanyamula uthenga wa ululu kuchokera pa timfundoto, ndipo timeneti akhoza kutitontholetsa popanda kung'amba munthu komanso popanda mapiritsi. Amalowetsa singano yaitali yopyapyala akuyang'ana pa makina ojambula mafupa kuti asaphonye, kenako nsonga ya singanoyo imatenthetsedwa n'kuwotcha kamtsemphako. Bambo anamvetsera mwachidwi, kenako anati ndiye kuti ali ngati akudula waya wa belu wa kumgodi, pansi anthu akukoka koma kumtunda sikukulira. Dokotalayo anaseka nati ndi momwemo.

Chimene ndinamukondera ndi chakuti sanatinamize. Anati si onse amathandizika, n'chifukwa chake amayamba ndi jakisoni wochititsa dzanzi pa malo omwewo kuti aone ngati ululu ukuchokeradi pamenepo. Anatinso kamtsemphako kamaphukanso pakapita miyezi, mwina chaka, ndipo ululu ukhoza kubwerera. Anatiuza kuti tipite kumudzi tikaganize.

Kumudzi ndiye kunali mlandu. Achimwene a Faniwelo anaimba foni kuchokera ku Joni n'kunena kuti msana saseweretsa, ndidikire iwo adzabwere pa Khirisimasi. Azakhali ananyamuka ku Mlangeni kudzaletsa. Anati amadziwa munthu wa ku Kandeu amene anabayidwa pamsana ndipo sanayendenso, ndipo bambo akapuwala mlandu udzakhala wanga chifukwa ndine ndikuwakokera ku zinthu zachilendo. Amayi, ndinalibe mphamvu zotsutsana nawo. Munkandiuza kuti ndikatopa ndizitseka pakamwa chifukwa mawu a munthu wotopa sabwezeka, ndiye ndinangopitiriza kusenda mbatatesi. Bambo ndi amene anayankha, ali chigonere pamphasa, nkhope italoza kukhoma. Anati, "Alongo anga, mukuopa kuti ndisiya kuyenda. Nanga panopa mukundiona ndikuyenda?" Azakhali anagona, m'mawa n'kubwerera kwawo.

Tinapita kukayesa jakisoni uja. Atatuluka m'chipindamo anakhala pabenchi, kenako ndinangoona awerama n'kumanga okha zingwe za nsapato. Anadzuka, anakhalanso, anadzukanso, akundiyang'ana ngati mwana amene wapatsidwa chinthu chosayembekezera. Panja pa chipatala anagula chimanga chootcha n'kudya ataimirira, akucheza ndi wogulitsayo. Koma tisanafike n'komwe ku Balaka dzanzi lija linatha, ululu unabwerera wonse. Dokotala anali atatichenjeza kuti zidzatero, ndipo anati chimenecho ndi chizindikiro chabwino. Komabe kuona munthu atalawa mpumulo wa theka la tsiku kenako n'kulandidwa, zinandipweteka kuposa masiku onse am'mbuyo.

Tsiku limene anatipatsa loti akawotche kamtsemphako tinapita, koma tinapeza makina awonongeka. Tinabwerera chimanjamanja, kabichi wanga atafota pamsewu chifukwa ndinalibe womusiyira. Ndinatsala pang'ono kuwauza bambo kuti basi, zikhale. Ulendo wotsatira zinatheka. Ine ndinadikira pabenchi panja ndikupemphera mosalongosoka. Iwo akuti anawagoneka chafufumimba ali maso, dokotala akuwafunsa zimene akumva, ndipo anangomva kutentha pang'ono ndi kukoka. Anatuluka akuyenda okha. Pamsana panali timapulasitala ting'onoting'ono basi, ndipo nditadzatimatula panali timadontho ngati polumidwa ndi udzudzu. Zaka zonse zija za ululu, Amayi, khomo lake linali laling'ono chotero.

Masabata oyamba pamalopo panali popweteka, moti ankati atinamiza. Kenako pang'onopang'ono ndinayamba kuona kusintha iwo asananene. Anasiya kutsamira mzati. Anayamba kudya atakhala pansi. M'mawa wina ndinawapeza kukhola akulangiza amuna anga mmene angaimikire mitengo, akuwadzudzula kuti akukumba mosazama. Kutchalitchi anakhala mpaka ulaliki kutha. Anatumiza uthenga kwa Lovinesi kuti abwere ndi mwana, ndipo anamupepesa pamaso panga, chinthu chimene sindinachionepo chibadwire. Ululu sunatheretu ayi. Iwo amati kale unkakuwa, pano ukungong'ung'udza. Khasu dokotala anawaletsa, ndipo pali timasewera tolimbitsa msana timene anawaphunzitsa, timene amachita monyinyirika atatseka chitseko.

Ine ndinaganiza kuti tsopano ndipumula. Koma pasanapite nthawi anayambanso kusiya chakudya m'mbale, n'kumangokhala pakhonde osalankhula. Ndinachita mantha kuti mwina ululu wabwerera ndipo akundibisira. Masana ena ndinawasowa pakhomo, ndipo nditawafunafuna ndinawapeza kudimba, atakhala pansi pa mtengo wa gwafa umene munabzala, misozi ikutsika. Sindinawaonepo akulira, Amayi. Ndinagwada pambali pawo n'kuwafunsa ngati ndi msana. Anapukusa mutu n'kundifunsa kuti, "Kodi amayi ako munawaika mbali iti?"

Inu simukudziwa zimenezi chifukwa tinali titakunyamulani kale. Tsiku la maliro anu bambo sanakwere kumanda. Chitunda chija sakanachitha, ndiye anatsala atagona pasiwa ndi azibambo awiri okalamba. Anthu anayankhula kuti sanagwetse msozi ngakhale umodzi, ndipo nanenso zinkandiwawa mumtima. Pansi pa gwafa paja anandiuza kuti, "Tsiku lija anthu ankaimba, ine ndinkangomva msana. Mkazi wanga akutuluka pakhomo, ine ndikuganiza zoti ndigonere mbali iti. Pano m'thupi mwakhala chete, ndi pamene ndikumva kuti anapitadi."

Ndinakapempha chilolezo kwa eni manda, ndipo Loweruka lapitali tinakwera, ine ndi iwo ndi amalume. Anayenda ndi ndodo, tikupumira m'njira, koma anakana kugwiridwa mkono. Titafika ndinawalozera. Anavula chipewa n'kuima nthawi yaitali. Ndinkayembekezera kuti anena zambiri, koma anangoti, "ANamaseko, ndachedwa, koma ndabwera." Kodi munawamva, Amayi? Potsika anandiuza za tsiku limene anakuonani koyamba pamsika, mukukangana ndi wogula nyemba, ndipo anaseka mpaka kutsokomola. Madzulo ake anamaliza chakudya chonse.

Sindikunamizani kuti zonse zili bwino. Kamtsempha kaja kakuphuka ngakhale panopa ndikulemba, ndipo tsiku lina ndidzawapezanso atatsamira mzati. Ndikaganiza za minibasi, mabenchi ndi kudikira kuja, ndimatopa ndisananyamuke n'komwe. Achimwene amaimba foni n'kuyamikira, koma onyamula pilo ndine. Nanenso m'chiuno mwayamba kundiwawa ndikasenza dengu, koma sindinauze aliyense kupatula inu.

Bambo akufuna kuti timange chiliza chanu chaka chino mvula isanagwe, pamene miyendo ikuwalolabe kukwera chitunda, ndipo akuti adzaimirira okha pamenepo kuti amisiri asapindike mzere. Ndawavomera. Ndipo ndikukulonjezani kuti ululu ukadzabwerera sindidzadikira kuti andipemphe zoopsa ngati zija. Ndidzawanyamula n'kubwerera nawo ku Blantyre, ngakhale nditatopa bwanji. Inu pumulani, Amayi, munagwira mbali yanu. Tonse timakukondani ndipo tikukusowani.

Ndine mwana wanu,
Enelesi Nangozo